Makomiki atsopano afika: ndi ati oyenera ndalama zanu?

Lero ndabwera ndi nkhani yooneka ngati ya ana, koma thumba limene imagwedeza ndi la akulu. Masukulu ali pafupi kutseka, a Giredi 7 analemba kale mayeso, ndipo makolo angapo andiimitsa, ena pakhomo pa chalichi, ena pa thebulo langa, onse ndi funso limodzimodzi: mwana wandivuta kuti afuna makomiki, manje ndimugulire ati? M'malo moyankha mmodzimmodzi, ndati ndilembe pano kuti nonse mumve.

Kwa inu amene simundidziwa bwino, malonda anga pa Kapata ndi mabuku olembamo, mabolopeni, marula ndi mabuku akale a sukulu. Makomiki ndi kangodya cabe ka thebulo. Akale ndimawapeza m'mabelo a mabuku ocokera kunja, monga mmene anzathu a salaula amapezera malaya. Atsopano amabwera kawiri pa caka, m'katoni imene mwana wa mlongo wanga amatumiza kucokera ku Johannesburg, kudzera ku Lusaka, n'kukwera basi ya pa Great East Road mpaka kuno ku Chipata. Amaika limodzi limodzi la mtundu uliwonse. Ine ndimawerenga onse usiku, ndiyeno ndimasankha oti ndiode ambiri ndi oti ndisawaonenso. Ndalama yoodera ndi mpamba wanga, ndiye katundu wosasankha bwino amagona pa thebulo mpaka cikuto citasuluka ndi dzuwa.

Tisanafike pa maina, mumve kaye mmene malonda awa amayendera kwao. Ku America makomiki atsopano ambiri amatuluka Lacitatu. Nkhani imodzi amaiduladula ngati nzimbe. Mwezi uno atulutsa kabuku kopyapyala ka masamba pafupifupi 32, komangidwa ndi tiwaya tiwiri, ndipo ena mwa masambawo ndi otsatsa malonda. Mtengo wake nthawi zambiri ndi madola 3.99 kapena 4.99. Culukitsani ndi mtengo wa dola lero, muikepo ya basi, muikeponso kaphindu kanga, muone makwacha amene atuluke. Mwana amakamaliza tiyi asanazizire. Patsamba lomaliza ngwazi yake ikulendewera pamwamba pa nyumba yaitali, mdani waipondera zala, ndipo pansi alemba kuti nkhani ipitirira mwezi wa mawa. Wa ku New York mwezi wa mawa adzapita kusitolo yapafupi n'kukagula nambala yotsatira. Nanga wa ku Kapata kapena wa ku Katete? Kugula kabuku kotere kuno kwathu kuli ngati kugula nsapato ya phazi limodzi, n'kumayang'ana kumseu kuti mwina inzake ibwera ndi basi ina.

Mwai wake ndi wakuti timabuku tisanu kapena tisanu ndi kamodzi tikatuluka, makampani amatisonkhanitsa m'buku limodzi lokhuthala, lokhala ndi msana wolembedwa dzina. Mmenemo mumakhala cigawo ca nkhani cokhala ndi mutu ndi mcira, mulibe zotsatsa pakati, ndipo kawirikawiri mtengo wake umacepa poyerekeza ndi kugula timabukuto kamodzikamodzi. Ine ndimaoda okhuthalawa basi. Muzidikira miyezi ingapo kuposa anzanu a ku America, inde, koma nkhani siola ngati nthoci.

Cina cimene cimakola anthu ndi nambala 1. Mnyamata wina wogwira nchito bwino m'tauni muno anabwera ndi foni m'manja, ati, "Amalume, mundipezere nambala 1 iliyonse yatsopano, ndidzaisunga m'pulasitiki, pakapita zaka idzagula nyumba." Nkhani imene anamva si yabodza yonse. Action Comics nambala 1 ya 1938, mmene Superman anaonekera koyamba, inkagulidwa masenti 10, ndipo mu 2024 imodzi inagulitsidwa madola 6 miliyoni. Koma funsani cifukwa cake. Ana a nthawiyo anawerenga, anang'amba, amai ao anatayira kudzala, ena anapereka ngati mapepala akale pa nthawi ya nkhondo. Zinatsala zowerengeka, ndiye mtengo unakwera.

Anthu a ku America atamva nkhani zotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anathamangira onse mbali imodzi. Mu 1991 kampani ya Marvel inatulutsa X-Men nambala 1, yojambulidwa ndi Jim Lee, ndi zikuto zisanu zosiyana koma nkhani m'kati imodzimodzi. Anagulitsa oposa 8 miliyoni. Mu 1992 kampani ya DC inapha Superman, n'kugulitsa buku la imfa yakeyo m'kathumba kakuda komata, ndipo anthu anafola mizere kugula angapoangapo osatsegula n'komwe. Patangopita miyezi Superman anauka. Inu a tomato mukudziwa kale mathero ake: caka cimene mudzi wonse walima tomato, bokosi limapita pa mtengo wa misozi. Cinthu cimene anthu mamiliyoni asunga m'pulasitiki sicisowa. Masitolo ambiri a makomiki anatseka, ndipo mu Disembala 1996 Marvel yeniyeniyo inapita kukhoti kukanena kuti ngongole zaikulira. Mpaka lero makampani amayambitsanso nkhani zakale pa nambala 1 ndi kusindikiza zikuto zambirimbiri, cifukwa nyambo imeneyi ikugwirabe nsomba. Mnyamata uja ndinamuuza kuti ngati afuna kusunga ndalama alowe cilimba kapena agule mbuzi, komiki agule yoti awerenge.

Ndikatsegula katoni, cikuto sindicikhulupirira. Nthawi zambiri wojambula cikuto ndi wina, wojambula m'kati ndi winanso, monga thumba la mbatata loika zikuluzikulu pamwamba. Ndimatsegula pakati, ndimaphimba mau ndi cala, n'kuona ngati ndingatsatire zimene zikucitika ndi zithunzi zokha. Ngati diso likudziwa lokha kabokosi kotsatira, ngati nkhope zikuonetsa amene wakwiya ndi amene akunama, wojambulayo amadziwa nchito yake. Izi n'zofunika kwambiri kwa ana athu, cifukwa mabuku onsewa ali m'Cizungu, ndipo mwana amakwera pa cithunzi kuti afikire liu limene salidziwa. Ife a msinkhu wanga tinaphunzira mau ambiri motero ndi magazini ya Orbit imene inkabwera m'masukulu. Imodzi inkazungulira kalasi yonse mpaka masamba atafewa ngati nsalu. Ndiye funso langa lalikulu pa buku lililonse limacokera pomwepo: kodi adzaliwerenga kaciwiri, ndipo ndi anthu angati pakhomo ndi kwa aneba amene adzaligwira?

Mwa atsopano, limene landigwira mtima kuposa onse ndi Ultimate Spider-Man, lolembedwa ndi Jonathan Hickman, zithunzi zambiri za Marco Checchetto. Linayamba kutuluka mu Januwale 2024. Spider-Man amene tonse timamudziwa, uja wa 1962, analumidwa ndi kangaude akali mnyamata wa sukulu. Uyu ai. Kangaude sanamupeze paunyamata. Anakula ngati munthu wamba, anakwatira Mary Jane, ali ndi ana awiri, Richard ndi May, ali ndi zaka 35, amagwira nchito ku nyuzipepala. Sasowa cakudya, mkazi amamukonda, koma usiku tulo sitibwera, cifukwa mumtima akumva kuti pali cina cimene anayenera kukhala. Ndiye alandira uthenga womuuza kuti moyo wake weniweni anamubera anthu amphamvu, ndipo ngati afuna, kangaude uja ndi uyu, asankhe yekha.

Abambo anzanga, ndani wa ife amene sanakhalepo pa mkeka usiku n'kudzifunsa funso limeneli? Cimene ndakonda ndi cakuti wolemba sanathamangire nkhonya. Munthuyu akayamba kudumpha pa madenga amagwa, amamenyedwa ndi tiakuba wamba, amabwera kunyumba ndi mabala oti afotokoze. Woyamba kumugwira ndi kamwana kake kakakazi, ndipo tate ndi mwana akhala ndi cinsinsi cimene onse awiri cikuwalemera. Mulinso amadala awiri, Ben Parker ndi Jonah Jameson, amene asiya nchito ku nyuzipepala yaikulu cifukwa mwini wake afuna kuti azilemba zomukomera, n'kukayamba yaoyao opanda ofesi yeniyeni, opanda dzina, akukangana ngati anthu ogawana thebulo limodzi pamsika. Masamba ao ndinawawerenga kawiri. Cigawo cina conse ndi mabanja awiri akudya cakudya ca madzulo n'kumaceza, palibe womenya mnzake, koma simungaliike pansi. Pa cifukwa comweco mwana wa Giredi 4 lidzamutopetsa. Ili ndi la a sekondale, ndi la inu atate ao mukabisala nalo kucipinda. Analengezanso kuti nkhaniyi ithera pa nambala 24, kutanthauza kuti ndi mabuku okhuthala owerengeka cabe, si ngongole ya moyo wonse. Ndaoda atatu a buku loyamba.

A DC naonso anacita zofanana kumapeto kwa 2024: anatenga ngwazi zao zakale n'kuzilanda zimene zinkadalira. Absolute Superman, lolembedwa ndi Jason Aaron ndi kujambulidwa ndi Rafa Sandoval, likuonetsa Superman amene sanabwere pa dziko lino ali khanda. Anakulira kwao ku Krypton, m'banja la anthu a nchito za manja amene akuluakulu a sayansi amawayang'anira pansi, ndipo cilembo cija ca pacifuwa ndi cizindikiro ca anchito, osati ca ufumu. Pa dziko lino timamupeza koyamba pakati pa okumba mgodi ku Brazil, kumene kampani yaikulu ili ndi alonda a mfuti ndipo moyo wa wokumba ndi wochipa kuposa mwala umene akukumba. Kwa ife a Zambia nkhani imeneyi si yacilendo. Mabanja ambiri a kuno kum'mawa anatumiza ana ao ku Copperbelt, ndipo akuluakulu akukumbukabe ngozi ya ku Mufulira ya 1970 imene inapha anthu 89 pansi pa nthaka. Zithunzi zake n'zokongola zedi. Vuto lake, nkhani imadumphadumpha, tsamba ili tili ku Krypton kalekale, tsamba linalo tili ku Brazil lero, ndiye wowerenga pang'onopang'ono amasocera. Ndaoda awiri, ndipo ndidzauza wogula kuti ayambe waliwerenga pamodzi ndi mwana.

Manje tifike pa limene landisowetsa tulo. Absolute Batman, la Scott Snyder ndi Nick Dragotta, linayamba mu Okutobala 2024 ndipo linagulidwa kwambiri kotero kuti nambala yoyamba anaisindikiza mobwerezabwereza. Anyamata amabwera akulichula dzina, analiona pa TikTok. Ndikanaoda khumi akanatha Khrisimasi isanafike, ndipo phindu lake likanalipira malo anga a mwezi. Nkhani yake si yopusa ai. Batman uyu alibe cuma ca makolo, alibe nyumba yacifumu. Atate ake anali mphunzitsi amene anaphedwa akuteteza ana a sukulu pa ulendo wokaona nyama, amai ake ali moyo, iye ndi injiniya wogwira nchito za mzinda, wokulira m'komboni ndi anzake amene ena njira zao zikukhota. Dragotta amajambula mwa mphamvu moti tsamba limacita ngati likugwedezeka. Koma mleme uja wa pacifuwa amaucotsa n'kuusandutsa nkhwangwa, ndipo nkhwangwayo imagwira nchito yake pa matupi a anthu, magazi poyera, dzanja kuduka. Ndinaganiza za mwana wa Giredi 5 amene amai ake atuma mkulu wake kuti akamugulire Batman, poganiza kuti ndi uja wa makatuni a pa TV. Ndikudziwa kuti ndikapanda kugulitsa ine, wina adzagulitsa. Olo n'tero, pa thebulo langa silikhala poyera. Wamkulu amene alifuna adzandiuza, ndidzamuodera lake, ndipo lidzadikira m'katoni pansi pa thebulo.

Apa ndikupempheni cinthu cimodzi, makolo. Komiki si ya ana cifukwa cakuti ili ndi zithunzi. Kale ku America kunali kacidindo pakona ya cikuto kosonyeza kuti bungwe loyang'anira laona bukulo. Kanayamba mu 1954, ndipo makampani omaliza anakasiya mu 2011. Lero kampani iliyonse imadziikira cizindikiro cake, nthawi zambiri pafupi ndi timizere ta mtengo tija. A Marvel amalemba T kapena T+, a DC amalemba zaka, monga 13+ kapena 17+. Tembenuzani buku muone. Ndipo musathere pomwepo, tsegulani masamba khumi pakati ndi maso anu, wogulitsa olo akuyang'aneni moipa.

Kwa a m'nyumba monse, kuyambira mdzukulu mpaka agogo, ndasankha Asterix watsopano, Asterix in Lusitania, amene anatuluka mu Okutobala 2025. Ndi buku la 41. Amene anayambitsa nkhanizi mu 1959, René Goscinny ndi Albert Uderzo, onse anatisiya, ndipo manje akulemba Fabcaro, kujambula Didier Conrad. Ubwino wa Asterix ndi womwe uja wakale: masamba 48, nkhani imodzi, iyamba n'kutha. Lusitania ndi dzina lakale la dera la Portugal, eni cilankhulo cimene mumamva mukangodutsa pa Chanida kulowa m'Mozambique. Asterix ndi Obelix apita kumeneko kukathandiza munthu wa bizinesi yaing'ono yopanga msuzi wa nsomba, amene amunamizira kuti anafuna kupha Kaisara ndi poizoni. Inu amene munapikisanapo ndi wamalonda wamkulu wodziwana ndi akuluakulu mudzaseka mowawa. Nthabwala zambiri zili m'maina ndi m'kuseweretsa mau, zofuna Cizungu cakupsa, ndiye mwana adzaseka Obelix akuulutsa asilikali a Roma, inu mudzaseka zina. Akadzafika Giredi 10 adzaliwerenganso n'kupeza zimene zinamudutsa. Buku lotere ndiye limabweza ndalama yake.

A Giredi 2 mpaka 5 agulireni Dog Man. Ndikudziwa, mukalitsegula mudzati uyu wandigulitsa zolembalemba za mwana. Zithunzi zake zili ngati zojambula kumbuyo kwa buku la masamu, ndipo nkhani yake ndi ya wapolisi amene madokotala anamusokerera mutu wa galu. Wolemba wake, Dav Pilkey, ali mwana ankavutika kuwerenga ndi kukhala phee m'kalasi, aphunzitsi ankamutulutsa kukakhala pakhonde, ndipo kumeneko ndi kumene anayamba kujambula. Amalembera ana onga iye. Loyamba linatuluka mu 2016 ndipo atsopano akubwerabe. Lililonse lili ndi masamba oposa 200, cikuto colimba, mau ocepa ndi akuluakulu, ndipo mungayambire pa lililonse. Ndaona ndi maso anga mwana amene amathawa buku ngati mankhwala owawa ataima pa thebulo langa mpaka amai ake kumukoka. Muli nthabwala za kucimbudzi, ndikuuzirenitu, zija ana amafa nazo n'kuseka ife tikukwinya nkhope. Mulinso masamba ena oti mwana aziwatembenuza msangamsanga kuti cithunzi cizioneka ngati cikuyenda, ndipo amenewo ndi amene amayamba kung'ambika. Muwamate ndi selotepi m'mphepete buku likali latsopano.

Ena mwandifunsa kuti kodi a kuno ku Africa kulibe? Alipo, ndipo ndimawaika kutsogolo. Iyanu, la Roye Okupe wa ku Nigeria ndi wojambula Godwin Akpan, ndi nkhani ya mtsikana wamasiye wosakumbuka kumene anacokera, m'dziko lomangidwa pa miyambo ya Ayoruba. Mu 2025 analisandutsa katuni ya pa TV, ndiye ana ena akulidziwa kale. Atsikana amalikonda, ndipo zovala, mizinda ndi nkhalango zake zimakoka maso. Maina ndi mau a Ciyoruba amacedwetsa poyamba, koma mwana amazolowera msanga kuposa ife. Kwezi, la Loyiso Mkize wa ku South Africa, silatsopano kwenikweni koma likali kuyenda. Mnyamata wa zaka 19 wa mumzinda wonga Johannesburg apeza mphamvu, ndipo coyamba cimene aganiza ndi kuchuka pa foni. Akulu abwera kudzamukumbutsa kuti mphamvuzo zili ndi eni ake ndi nchito yake. Mkize anagwirapo nchito pa Supa Strikas, ija ya mpira imene ana athu akuluakulu anakulira nayo, ndipo dzanja lake limaoneka. Kwezi amatha msanga, ndiye gulani losonkhanitsa zigawo zingapo.

Cimene cinandiwawa n'cakuti m'katoni yonse munalibe ngakhale limodzi la m'Cinyanja. Luso lilipo m'dziko muno. Malenga Mulendema, mwana wa Zambia, ndi amene anayambitsa Supa Team 4, katuni ya atsikana anai a mu Lusaka wa m'tsogolo, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Achinyamata amene mumajambula kumbuyo kwa mabuku anu, Kalulu ndi Fisi akudikira, nkhani za pamsika uno zikudikira. Wina akabweretsa yake yosindikiza bwino, malo pa thebulo langa ndi aulere mwezi woyamba.

Za ku Japan, zimene amati manga, ndinene mwacidule. Mai wina anabweza buku ati analisindikiza cam'mbuyo. Iyai amai, ndi mmene amawerengera kwao, kuyambira kumene ife timati kumapeto, kucokera kumanja kupita kumanzere. Ambiri ndi akuda ndi oyera, opanda mitundu, ndipo pa kuculuka kwa masamba mtengo wake ndi wabwino. Funso ndi lakuti nkhaniyo ili ndi mabuku angati. One Piece inayamba mu 1997, yapitirira mabuku 100, ndipo ikupitabe. Mukagulira mwana loyamba mwalowa kaloba. Demon Slayer, imene ana akuifuna cifukwa ca filimu ya 2025, inatha pa mabuku 23. Ngwazi yake ndi mnyamata wogulitsa malasha amene apeza banja lake laphedwa, mlongo wake yekha watsala koma wasanduka ciwanda, ndipo iye amubereka m'bokosi kumsana kufunafuna mankhwala. Cikondi ca mlongo ndi mlongo wake n'cogwira mtima, koma mitu imaduka kawirikawiri. Ya a sekondale, ndipo kholo liyambe laona.

A Sande sukulu mwandifunsa za The Action Bible. Linatuluka mu 2010, wojambula ndi Sergio Cariello wa ku Brazil, amene anajambulirapo Marvel ndi DC, ndipo lili ndi masamba oposa 700. Ndi lodula, koma pa tsamba lililonse ndi lochipa kuposa onse amene ndachula, ndipo nkhani zake anaziika motsatana kotero kuti mwana amadziwa amene anayamba pakati pa Yoswa ndi Davide. Dandaulo langa ndi minofu. Aneneri ena akuoneka ngati onyamula zitsulo, pamene ambiri mwa anthu amenewa anali abusa a nkhosa, asodzi ndi akazi amasiye. Silingalowe m'malo mwa Buku Lopatulika, cifukwa amafupikitsa ndi kuonjezera mau a kukambirana. Koma ngati mabanja atatu asonkha n'kugula limodzi loti lizizungulira, sindidzawaletsa.

Cenjeraninso ndi makope abodza, amene ayamba kuoneka makamaka a manga ndi a Dog Man. Pepala lake ndi lopyapyala moti cithunzi ca kuseri cimaonekera, zakuda zimaoneka zotuwa, mau ena amadulidwa m'mphepete, ndipo guluu wa pamsana amathetheka mukangotsegula bwino. Kasitomala wina anandionetsa limene anagula kwina pa theka la mtengo: pa sabata imodzi masamba anali m'manja ngati makhadi. Litseguleni pakati, mulipinde pang'ono, mumvetsere msana. Wogulitsa katundu weniweni sadzakukanizani.

Latsala limodzi limene sindinagamule. Absolute Wonder Woman, la Kelly Thompson ndi Hayden Sherman, linapata mphoto ya Eisner mu 2025 monga nkhani yatsopano yopambana, ndipo pa kajambulidwe ndi limene laposa onse m'katoni. Mabokosi ake sali a makona anai cabe, amapindika ndi kuzungulira motsata nkhani, koma diso silisocera. Mtsikanayu analeredwa kudziko la akufa la m'nthano za Agiriki ndi mfiti yochedwa Circe, amene poyamba sanamufune koma anafika pomukonda ngati wobala yekha, ndipo mwanayo anakula wacifundo pakati pa zilombo. Nkhani ya mai wolera mwana wosabala yekha tonse timaidziwa, ili m'nyumba zathu zambiri. Koma matsenga ali pa tsamba lililonse, ndipo ndikudziwa kuti mau akuti mfiti kuno kwathu salemera mofanana ndi ku America. Ndalibwereka mai wina wa Mothers' Union amene ndi mphunzitsi wa Cizungu ku sekondale kuti aliwerenge ndi ana ake aakazi awiri. Akabweza Lolemba ndidzakuuzani zimene anena atatuwo.

Amene mufuna Asterix, Dog Man kapena Iyanu mundipeze Lacisanu lisanafike ndi theka la ndalama, cifukwa oda ndimatumiza Loweruka m'mawa, ndipo mabasi a Disembala mukuwadziwa mmene amadzazira.